Khosi la Zita

Zita ndi mwana wanga wa paubatizo. Ndinamunyamula ndine ku tchalitchi cha ku misau ya Fonte Boa ali kakhanda kofiira, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayi ake, a Cecília, ndi akomadire anga, bambo ake, a Abílio, ndi akompadire anga. Mwanayo amanditchula amadirinya. Ana a m'mimba mwanga Mulungu sanandipatse, ndiye musadabwe kuti za mwana wa eni ake ndinkazilowerera ngati ndinamubala ndine. Dzina langa ndine Joaquina. Kwathu ku Lifidzi ankandidziwa ndi pakamwa, ndipo sindikana, pakamwapo ndinali napo.

Mwanayu anakula ndi vuto la pakhosi. Usana wonse kukamwa yasa, mphuno zotseka ngati wa chimfine chosatha, akamayankhula mawu ochita kufinyika. Mwezi sunkatha khosi lisanatupe, ndipo likatupa thupi linkatentha moto, ngakhale phala la madzimadzi ankalikankha. Ali ndi zaka zisanu anthu ankamuyesa wa zitatu. Koma chachikulu chinali mkonono. Kamwana kochepa choncho kankaliza mkonono wa mwamuna woti wagona ndi kachasu m'mimba. Kenako mpweya n'kuima zii, inu n'kumadikira mtima uli m'mwamba, mpaka kadzidzimuke n'kuukoka mpweyawo ndi mphamvu. Nkhondo isanatipeze mkonono umenewu tinkauseka. Ndinkamunena kuti sadzakwatiwa, mwamuna adzathawa usiku woyamba womwewo.

Chaka chimene zigawenga zotchedwa matsanga zinafika kudera kwathu kuseka kunatha. Tinasiya kugona m'nyumba. Dzuwa likapendeka, aliyense gombeza pamutu, ulendo wa kukhwawa la kuseri kwa phiri, m'mawa n'kubwerera kudzalima nyemba ndi kachewere ngati anthu abwinobwino. Kukhwawako malamulo anali odziwika: moto ayi, fodya ayi, kutsokomola ayi, kulira kwa mwana ndiye ayi weniweni. Atambala tinadya onse, agalu tinathamangitsa. Oyamwitsa ankagona bere lili m'kamwa mwa mwana. Zonsezi zinatheka, koma mkonono wa Zita unkakwera m'khwawamo mpaka pamwamba. Anthu anayamba kusunthira mphasa zawo kutali ndi ife. Tsiku lina mayi wina anawauza akomadire pamaso kuti mwana wawoyo atiphetsa tonse, akamubise kwina. Ndinamuyankha mawu amene sindingabwereze pano, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti mantha ake sanali abodza.

Amene anapeza njira ndi akompadire. A Abílio ndi munthu wofatsa, wa mawu ochepa, woti akhoza kukhala nanu tsiku lathunthu akusema mpini osakufunsani ngakhale za kwanu. Anasiya kugona pamphasa. Ankatsamira mwala, Zita ali chokhala pachifuwa pawo, mkonono ukayamba n'kumugwedeza pang'ono. Chifuwa chikamubwerera, kapena akafuna kulira, ankamuika dzanja pakamwa n'kumunong'oneza kuti meza mwanangu, meza. Dzanjalo sankalisiyapo nthawi yaitali, poti mphuno zinali zotseka kale. Ndipo mwana anaphunzira. Munga unamulasa kuphazi tikuthamanga, osamveka. Linthumbu linamulowa m'gombeza, m'mawa tinapeza miyendo yonse yotupa, iye ali chete, maso okha ali psuu. Aliyense m'khwawamo anayamba kumuyamikira kuti ndi mwana wanzeru, ngakhale mayi uja ankati atiphetsa.

Khosi litatupanso m'nyengo ya chisanu, akompadire anamukweza panjinga kupita naye ku chipatala cha ku vila, tauni ya boma lathu. Kumeneko kunali a Venâncio, enifirimero, ndiye kuti namwino, munthu wamtali wodziwa kuyankhula ndi ana. Atamupanikiza lilime n'kumuunika kukamwa, anati timinofu tiwiri ta m'mbali mwa khosi takula mpaka kufuna kukumana, ndipo kamnofu kena kosaoneka, ka kuseri kwa mphuno, n'kamene katseka njira ya mpweya. Ati kuima kwa mpweya kuja si kwa masewera, kumatopetsa mtima, ndipo tsiku lina mwana sadzadzidzimuka. Mankhwala ake anali amodzi, operasau, kumung'amba pakhosi n'kuchotsa timinofuto. Dotolo wodziwa ntchitoyo ankayembekezeka kubwera ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, yochokera ku Tete sabata yotsatira, kudzakhala masiku ochepa chabe. Akapita, panalibe wodziwa kuti msewu udzalolanso liti.

Akomadire anali ndi pakati, mwezi wake womwewo, miyendo itatupa ngati mitondo. Ulendo wa ku vila sakanautha. Ntchito yokadikirira wodwala inagwera ine, ndipo ndikanamenyana ndi aliyense wofuna kundilanda.

Kukangana kunabuka pa za kumuuza mwana. Akompadire ankafuna kuti timunamize, tinene kuti tikukamugulira nsapato ku vila, zinazo akazionera konko. Kwathu ndi mmene timachitira, mwana sauzidwa zinthu. Komanso chifukwa anali nacho, poti mawu akuti kudula masiku amenewo sanali otchula pamaso pa mwana. Zita anali ataona ndi maso ake bambo wina wa kutsidya kwa dambo amene matsanga anamugwira n'kumubweza wopanda makutu. Ine ndinawamva, koma ndinakana. Ndinawafunsa kuti mwana akadzuka khosi likuyaka moto, nsapato palibe, adzawakhulupiriranso bwanji? Nanga tsiku limene adzamuuze kukhwawa kuti usaope, kulibe kanthu, adzamvera mawu a ndani? Ndiponso nsapatozo zinali kuti, masitolo a ku vila ali gwa, opanda ngakhale mchere? Akomadire anakhala mbali yanga. Pomaliza a Abílio anati chabwino, koma ndimuuze ndine, iwo pakamwa pawalemera.

Ndinamuuza mwa masanje, poti ndi chinenero chimene mwana amamva. Tinayala mphasa padzuwa kuseri kwa nkhokwe. Zonse zimene a Venâncio anafotokozera akompadire ndinali nditawafunsitsa mpaka kuwatopetsa, ndiye ndinadzimanga duku loyera kukamwa ndi kumphuno, maso okha kunja, n'kunena kuti ine ndine dotolo. Kaneka yomwera madzi inakhala kachikho kaja amavundikira nako munthu kumaso kuti agone. Woyamba kudwala anali mwana wa Zita, chidole cha chitsononkho. Tinachigoneka, kuchivundikira kaneka, kuchotsa timiyala tiwiri pakhosi pake, n'kuchidzutsa. Wachiwiri anali bambo ake. Zita ndiye anamanga duku, iwo n'kugona pamphasa miyendo italendewera kunja, n'kuyamba kuliza mkonono wabodza woopsa zedi. Mwana anaseka mpaka kutsamwa. Ndinali ndisanamumve akuseka choncho chiyambire kugona kutchire.

Itafika nthawi yake ndinamukhazika pamiyendo panga n'kumuuza zoona zokhazokha. Kuti adzagona tulo tofa nato, sadzamva kanthu. Kuti akadzuka pakhosi padzawawa ngati wameza kachewere wotentha, masiku angapo, kenako padzapola, ndipo adzayamba kupuma ndi mphuno ngati anzake. Kuti potsegula maso adzapeza ine ndili pomwepo. Anamvetsera kukamwa kuli yasa monga mwa nthawi zonse, kenako anafunsa ngati anthu obisa nkhopewo ndi matsanga. Ndinati ayi, amabisa kuti asamutsokomolere pabala. Anafunsa ngati mpeni ali nawo. Apa mtima unandiuza kuti nama, koma ndinati ali nako kakang'ono, kochotsera timinofu tokha.

"Makutu andisiyira?"

"Akusiyira onse awiri. Wokhudza makutu ako aonana ndi ine."

Anagona pamphasa yekha osauzidwa. Nditamuvundikira kaneka anatsinzina, manja m'mbali, thupi lonse gwa, osaphethira ngakhale pang'ono. Nditachotsa anati n'zosavuta, zili ngati dzanja la ababa. Kenako anatembenukira kwa bambo ake n'kufunsa kuti kukamupweteka achite bwanji. A Abílio anamusisita kumutu n'kumuyankha mwachikondi chonse kuti achite monga amachitira kukhwawa, iye ndi mwana wolimba. Tonse tinavomereza ndi mutu, ndipo akomadire anatuluka ndi maungu ophika tinadya.

Tinanyamuka kutatsala tsiku limodzi kuti operasau ichitike. Akomadire anamusambitsa Zita, kumudzoza mafuta a nsatsi, kumuveka diresi la ku Misa, n'kumulemba mtanda pamphumi ndi chala. Sanalire pamaso pake. Anatiperekeza mpaka pa msuku wa kumapeto kwa munda, pomwe mimba inawakaniza kupitirira, ndipo titafika patali nditacheuka ndinawaona adakaima atagwira mtengowo. Akompadire ankakankha njinga, Zita atakhala pachitsulo chakumbuyo pa gombeza lopindidwa, ine pambuyo ndi mtolo wa ufa ndi kapoto. Msewu waukulu tinaupewa, tinadzera m'tinjira ta m'minda. Mphepo ya m'mapirimo inkachita kuluma makutu, ndipo mwana ndinamufunditsa kapulana, chitenje changa chachiwiri.

Ku chipatala a Venâncio anatichenjeza kuti mwana akadya madzulo basi, asalawenso kanthu mpaka operasau itatha, ngakhale dontho la madzi, poti munthu wogonetsedwa m'mimba muli zinthu akhoza kusanza n'kutsamwa. Kunena n'kosavuta. M'mawa mwake odikirira odwala anasonkha moto kuseri kwa chipatala, fungo la chimanga chootcha ponseponse, ndipo mwana anandiyang'ana n'kundipempha madzi okha. Inu, kumana mwana madzi! Ndinamuuza kuti lero ndi ngati Lachisanu Loyera lathu atatu, iye sadya, ine sindidya, ababa ake sadya. Mayi wina wachifundo anabwera ndi kachidutswa ka chimanga kuti angomupatsa kongotafuna, adotolo sadziwa. Ndinamuthokoza mwaulemu koyamba. Kachiwiri ndinamuthokoza mwa mtundu wina, ndipo sanabwerenso.

Dzuwa litakwera a Venâncio anabwera kudzamutenga, nsalu yoyera ili kukamwa. Anaitsitsa kaye kuti mwana awazindikire, n'kuibwezera. Zita anandipatsa chidole chake kuti ndimusungire, anagwira chala cha a Venâncio, n'kumapita yekha ndi timiyendo take. Pakhomo anacheuka kamodzi. Chitseko chitatsekedwa ndinakhala pansi pakhonde n'kutulutsa kolona. Akompadire anapita kukaima pafupi ndi njinga yawo, akupukuta chishalo chimene chinalibe fumbi.

Anamubweretsa pamachila ali mtulo, atamugoneka cham'mbali, timagazi touma patsaya. Dotolo, mzungu wa ndevu wotopa ndi maso omwe, anayankhula Chipwitikizi mothamanga, a Venâncio n'kumasulira kuti zayenda bwino. Zita atatsitsimuka, chinthu choyamba anakweza manja n'kugwira makutu. Atawapeza onse awiri anandiyang'ana, ndipo ine ndinamugwedezera mutu kuti ndinanena. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama.

M'chipinda cha odwala chimene anamugoneka munali mwana wina, kamnyamata kochitidwa operasau yomweyo m'mawa womwewo. Ameneyo ndiye ankalira! Ankaponda bedi, kulavula, kukankha amayi ake, mpaka amayiwo manyazi anawagwira n'kumamulozera Zita kuti taona mnzako, wamkazi koma ali phee. Odikirira ena anabwera kudzamuona mwana wathu wosalira. Akompadire nkhope inawala. A Venâncio anatisonkhanitsa ife a ana awiriwa n'kutipatsa malamulo: madzi ozizira pang'onopang'ono, mawa phala lopola la madzimadzi, chotentha ayi, chokhakhala ayi, chimanga chokazinga asachione n'komwe. Anati choopsa ndi magazi. Mwana akalavula magazi ofiira tiwaitane, komanso tikaona akumeza pafupipafupi asakumwa kanthu, tiwaitane msanga, poti ndiye kuti magazi akutsikira m'mimba. Atangomaliza kunamveka phokoso panja. Galimoto ina inali itaponda bomba lokwirira pamsewu, ovulala akutsitsidwa, ndipo onse ovala zoyera anathamangira kumeneko.

Masana Zita anagona atayang'ana kukhoma. Ndikamufunsa ngati kukupweteka ankapukusa mutu. Bambo ake anati timusiye apume. Ine ndinakhala pansi pambali pa bedi ndikuingitsa ntchentche ndi nsonga ya kapulana, njala ndi tulo zikundikoka. Mwina ndinasinza pang'ono. Pamene ndinamuyang'anitsitsa ndinaona kakhosi kake kakukwera n'kutsika. Ndinadikira. Kanakweranso, n'kutsika, maso atatsinzina zolimba. Madzi anali asanamwe. Ndinamugwira dzanja, linali lozizira ngati mwala wa kumtsinje, pamphumi thukuta, milomo itatuwa. Ndinatenga mbale yachitsulo n'kumuuza kuti alavule. Anafumbata milomo, n'kuyang'ana bambo ake, n'kumezanso.

Sindikumbuka kuti ndinadumpha anthu angati pakhonde paja. A Venâncio ndinawapeza akumanga mwendo wa munthu, ndinawakoka malaya. Atangomva mawu akuti akumeza anasiyira mnzawo bandeji n'kunditsogolera. Atamudzutsa kuti akhale tsonga, mwana anasanza magazi akuda, mbale kudzaza, ena pansi. Ndipo ngakhale apo sanatulutse mawu. Anadzitseka yekha pakamwa ndi kadzanja kake, magazi akutuluka m'mipata ya zala, maso ali pa bambo ake ngati wolakwa. A Venâncio anamunyamula m'manja n'kuthamanga naye kubwerera kuchipinda cha operasau.

Achipatala anawaitana akompadire kukawatenga magazi oti amuthire mwana. Atatuluka anakhala pansi kutsamira khoma, thonje pamkono, akuyang'ana chikhatho chawo ngati ndi cha munthu wina. Kenako anati ndi iwo anamuuza mwana kuti azimeza. Ine pakamwa panga pankayabwa, ndinkafuna wina woti ndimukalipire, dotolo kaya Mulungu kaya nkhondo. Koma munthu ameneyu ndikanamunena chiyani? Miyezi yonse ija sanagone kuti ife tigone. Ndinawauza kuti dzanja limenelo ndi limene linasunga mwanayo ndi khwawa lonse, ndipo pa mphasa paja tonse tinavomereza. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linafiira, pamene a Venâncio anatuluka n'kunena kuti dotolo wapeza kamtsempha kamene kankachucha, wakamanga, mwana ali moyo.

M'mawa mwake Zita anali maso, woyera ngati ufa, singano ili pamkono, botolo likudontha pamwamba. A Venâncio ananditengera pambali pamodzi ndi akompadire n'kutichenjeza. Ati nkhani sinathe. Pakapita sabata nkhanambo za pakhosi zimayamba kuchoka, ndipo nthawi imeneyo magazi akhoza kuyambiranso. Dotolo adzakhala atabwerera ku Tete, ife tidzakhala kumudzi kapena kukhwawa, mumdima mosaona khosi la mwana. Ati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwana wolira ngati mnyamata uja samawadetsa nkhawa, koma uyu akapanda kuphunzira kunena, adzameza mpaka kufa tili pambali pake tikumuyamikira.

Ndiye ntchito inayambiranso, yomasula zimene tinamanga. Ndinayesa zonse. Ndinamuuza kuti kuno ndi ku chipatala, kuli asilikali pageti, kulira n'kololedwa. Anangondiyang'ana. Ndinamulozera mnyamata uja, amene tsopano ankamwa phala uku akudandaula ngati nkhalamba, ndinati taona, walira dzulo lonse, wabwera ndani kudzamugwira? Anayang'ana, n'kubweza maso. Ndinatenga chidole, kuchitsina, n'kuchiliritsa ndi mawu anga. Ndinadzitsina ndekha n'kulira mayo mayo, chipinda chonse chinafa nacho chiseko, mayi wamkulu ngati ine. Zita osaseka. Nditamupatsa madzi ozizira pasupuni anamwa, nkhope yonse itakwinyika ndi ululu, misozi ikutsika yokha, mawu zii. Nditamufunsa ngati kukuwawa anapukusa mutu, maso n'kupita kwa bambo ake amene anaima kumapazi kwa bedi.

Pamenepo ndinazindikira kuti ndikutaya nthawi. Lamulo silinali langa, ndiye sindikanatha kulichotsa ndine. Ndinawauza akompadire motsitsa mawu kuti mfundo amamasula ndi amene anamanga, asunthire kuno. Anazengereza. Anati sadziwa kuyankhula ngati ine. Ndinati palibe akufuna kuti ayankhule ngati ine, dziko likanasokonekera.

Anabwera n'kugwada pansi kuti nkhope yawo ifanane ndi ya mwana.

"Zita, mwanangu. Zija ndinkakuuza zoti uzimeza, zatha. Kukapweteka uzinena. Magazi akabwera uzilavula, uzindidzutsa. Ukafuna kulira, lira."

Mwana anawayang'ana. Mawu ake anatuluka osasa, ongomveka kwa ife awiri.

"Ndi kukhwawa komwe?"

Funso limenelo silinali lopepuka, ndipo ine ndinawasiyira a Abílio kuti aliyankhe okha.

"Ndi kukhwawa komwe."

"Nanga akamva?"

"Amve. Ndidzakubereka tithawe. Ndili ndi miyendo."

Zita anayang'ana manja awo amene anali pamphepete pa bedi, pafupi ndi nkhope yake. Anasunthira mutu kumbuyo pang'ono.

"Simunditseka pakamwa?"

Akompadire anachotsa manja msangamsanga n'kuwaika kumbuyo. Kenako, osacheuka, anandipempha kuti ndiwagwire, mwana aone. Ndinagwada kumbuyo kwawo n'kugwira manja onse awiri pamfundo, n'kumuuza Zita kuti ndawamanga, ndipo amadirinya ake akagwira chinthu sasiya, iye akudziwa.

Poyamba sikunali kulira. Kanali kamawu kosasa, kodukaduka, ngati ka munthu woyesa chitseko chimene chakhala chotseka dzinja lonse. Analeka, n'kumvetsera. M'chipindamo munali zii, mnyamata uja supuni ili m'kamwa. Palibe chinachitika. Anayesanso, mokwererapo. Kenako chibwano chinanjenjemera, nkhope yonse inaphwasuka, ndipo mwana analira. Ankanena kuti kukuwawa ababa, pakhosi pakuwawa, ndikufuna amayi. Ananenanso za munga uja, kuti unamupweteka kwambiri. A Venâncio anatulukira pakhomo mothamanga, chala m'mwamba kuti achenjeze za bala, koma ataona mmene tinagwadira anatsitsa dzanja n'kuima pomwepo.

Ine misozi inkangotsikira m'khosi, ndinalibe dzanja lopukutira. Manja a akompadire anali m'manja mwanga, ndipo mwana akakweza mawu ankakoka okha kufuna kupita kukamwa kwake, mwini wake asanawatume. Ndinawagwira zolimba mpaka Zita anamaliza.